Pituto wa Don Floridor

"Mu Coquimbo muno mulibe chitseko chimene ine sindingatsegule," anatero kompadre wanga Don Floridor Cortés, akuloza kudenga ndi fupa la nkhuku, maso ali pa mwana wake Yasna. "Ngakhale cha kumwamba komwe. Mungondiuza dzina la wosunga makiyi ndi chakudya chimene amakonda. Ntchito imeneyi, mwana wanga, uiwerengere kuti yalowa kale m'thumba."

Ine ndinafuna kumukumbutsa za chitseko cha takisi yake, cha mbali ya woyendetsa, chimene chimatseguka tsiku limene chafuna chokha, moti masiku ambiri mwini wake amachita kulowera kwa okwera ngati mbala. Koma m'kamwa mwanga munali nkhuku yake, ndiye ndinangomeza zonse ziwiri.

Linali Lamlungu masana. Ine Nibaldo ndimadya kwa Don Floridor Lamlungu lililonse kuyambira tsiku limene ndinanyamula mwana wawo Yasna pa ubatizo n'kusanduka kompadre wawo, ndipo palibe amene anandiuzapo kuti udindowo unatha. Khanda limene linandinyowetsa malaya atsopano tsiku limenelo, lero ndi dokotala. Osati wa jakisoni ayi, wa nyenyezi. Amayi a m'dera lathu amamuimitsabe pamsewu kumufunsa ngati mwezi uno uli wabwino kukwatitsa mwana, iye n'kumangomwetulira uku akukukuta mano.

"Ababa," anatero Yasna, "ndapota nanu. Musachite kalikonse."

"Ndati ndichita chiyani ine?"

"Nkhope yanu yanena kale."

Nkhani yake inali iyi, monga mmene ndinaimvera ine amene sukulu ndinaisiyira panjira n'kukakwera sitima zapamadzi. Munthu ukamaliza maphunziro a nyenyezi, ntchito sakupatsa ayi, amangokubwereka. Zaka ziwiri uku, zitatu uko, katundu wako osamasula n'komwe. Yasna anali atabwerekedwa ku Santiago, kenako kudziko lina lozizira kumene anabwerako ataonda ngati bango, kenako kwathu konkuno, ndipo kubwerekedwa kwa kunoko kunali kutha ndi mwezi womwewo. Chaka chonse anakhala akufunsira ntchito kulikonse kumene kuli galasi loloza kumwamba. Ena anamukana, ena osayankha n'komwe. A ku Jeremani, amene ankawadalira kwambiri, anamukana sabata yomweyo, mwaulemu woti munthu ukhoza kuganiza kuti akukuitanira ku ukwati.

Panatsala khomo limodzi. Kuphiri, kuseri kwa Vicuña, kumene kuli magalasi akuluakulu aja, ankafuna munthu mmodzi wokhazikika. Wokhazikika mpaka imvi. Ofunsira anali ochuluka ngati mchenga wa ku La Herradura. Anawasefa, n'kutsala ochepa oti akaonekere pamaso pa komiti Lachiwiri, ku maofesi a ku La Serena. Yasna anali mmodzi mwa otsalawo. Akanaphonya apa, anali atavomera kale mumtima kupita kumpoto, ku kampani ina ya mgodi wa mkuwa imene inkamufuna kuti azikaiwerengera miyala pa kompyuta. Za nyenyezi zikanathera pomwepo.

"Akusankha ndani?" anafunsa Don Floridor.

"Komiti."

"Komiti ilibe mimba. Ndikufunsa munthu. Wamkulu wake ndani?"

"Simukumudziwa, ababa. Akuchokera ku Ulaya, afika mawa pa ndege ya masa..." Yasna analuma lilime, koma mawu anali atatuluka kale.

Kwathu kuno ntchito siyendera mapepala, imayendera pituto, munthu wako amene ali mkati, wokutsekulira chitseko ndi phazi pamene ena akugogoda. Kompadre wanga amakhulupirira pituto kuposa mmene amakhulupirira Amayi Maria a ku Andacollo. Takisi anaipeza ndi pituto. Mano ake am'mwamba anawapeza ndi pituto. Ngakhale Señora Uberlinda, akazi ake, anawapeza kudzera mwa msuweni wawo amene ankagwira ntchito kudoko.

"Kumeneko kulibe pituto," anatero Yasna. "Amawerenga zimene munthu walemba, amamufunsa mafunso, basi amasankha."

"Mukumva, kompadre? Sukulu yonse ija, mwana akadali khanda."

"Padrino," Yasna anatembenukira kwa ine, poti ndi mmene amaitanira womunyamula pa ubatizo, "muwagwire."

"Ndiwagwira, mwana wanga," ndinatero. Sindinanene kuti ndiwagwira pati.

Lolemba masana ndinapezeka ndili mu takisi, tikuloza kubwalo la ndege. Ananditenga kuti ndikhale womasulira, poti ine ndinayenda m'maiko. Chingelezi changa n'chokwanira kuitanitsa mowa ndi kutukwana kaputeni, koma kompadre anati mabwana onse amayambira pomwepo.

"Lamulo la pituto ndi limodzi," ankandiphunzitsa m'njira. "Supempha. Ukapempha wasanduka wopemphetsa. Munthuyo umamudyetsa, umamutchulira dzina la mwana ngati mwangozi, umamutsinzinira diso. Zotsalazo amamva yekha."

"Nanga akapanda kumva?"

"Bwana wosamva si bwana."

Ndege ya ku Santiago itatera, anayamba kutuluka anthu: a m'migodi, masisitere awiri, banja lina lokangana. Woyamba kutifika anali mayi wina wachikulire, wa imvi zometedwa ngati za msilikali, atavala kabudula wofika m'maondo ndi nsapato zokwerera mapiri, kumsana chikwama chong'ambika chomangidwa ndi chingwe. Anafunsa mu Chisipanishi chomveka ndithu ngati tingamutengeko mpaka m'tauni.

"Yadzaza, agogo," anatero Don Floridor, takisi ili mbee yopanda munthu. "Basi imaima uko, pa mtengo uja." Mayiyo atachoka anandinong'oneza: "Awa ndi aja amagona pamchenga. Amanenerera mtengo ngati akugula anyezi."

Ndiye kunatulukira munthu. Wamtali, suti yakuda bii m'dzuwa limenelo, tayi wofiira, nsapato zoti ukhoza kumetera ndevu. M'manja anali ndi chikwama chachikopa, ndipo pachikwamapo panalendewera kapepala kokhala ndi chizindikiro cha kuphiri kuja.

"Uyo," anatero kompadre.

"Koma ndi mwana uyu. Ndevu zake sizinagwirizane n'komwe zoti zimere mbali iti."

"Ku Ulaya mabwana amapsa msanga." Anathamanga, n'kumulanda chikwama. "Dokotala?"

"Eya! Dokotala Wiktor Zaremba." Gringo uja, poti azungu timawatcha choncho kwathu kuno, anatigwira chanza tonse awiri, dzanja lili chinyezi. Anali wa ku Poland. Ine ndinatsokomola kuti ndiyambe ntchito yanga, koma atangomva mawu anga oyamba a Chingelezi anakupiza manja. "Ayi, ayi. Chisipanishi, chonde. Ine kuphunzira. Mawa kufunika."

Choncho womasulira anachotsedwa ntchito asanayambe. Vuto linali lakuti Chisipanishi chakecho anachiphunzira pa foni, pamene chathuchi timameza michira ya mawu ngati minga ya nsomba zazing'ono. Pa mawu khumi a Don Floridor, iye ankatolapo awiri, n'kugwedeza mutu pa onse.

"Mwabwerera ntchito ija ya kuphiri, dokotala?"

"Eya, eya! Ntchito. Mawa. Komiti." Anadziloza pachifuwa, n'kufunafuna mawu m'mwamba. "Ine... kufunsa. Mafunso ambiri."

Don Floridor anandiponda phazi mwamphamvu moti chala changa chaching'ono chimakumbukirabe.

M'malo mopita naye kogona, tinamutengera kumsika wa nsomba ku Coquimbo, pa kamalo ka Señora Eduvigis, pamene buledi amamudzaza nsomba yokazinga mpaka kulephera kutseka pakamwa. Kompadre anaitanitsa chilichonse chimene chinatuluka m'nyanja m'mawa umenewo. Mlendo anangoluma kamodzi, n'kuika pansi. Kangapo konse ankatulutsa timakadi m'thumba la jekete, n'kumang'ung'udza yekha maso ali kudenga.

"Kompadre," ndinanong'ona, "bwana wanji wonjenjemera chonchi?"

"Akuloweza mafunso okolera ana a eni. Musamusokoneze."

Kenako gringo anafunsa kuti kachipinda kakang'ono amachita lendi ndalama zingati ku La Serena. Anafunsanso ngati mkazi wodziwa kusamalira mano angapeze ntchito kuno, poti wake ndi wa mano, ndipo watopa kusamuka.

"Nanga izi?" ndinatero.

"Akutiyesa. Akufuna aone ngati ndife anthu onena zoona."

"Anthu a kuphiri," anapitiriza mlendo, "abwino? Aukali?"

"Mwaona? Akufuna miseche ya antchito ake. Bwana weniweni ameneyu."

Ine mutu unayamba kuzungulira ngati tsiku langa loyamba panyanja. Chilichonse chimene ndinkachiona chikuyenda chamanzere, kompadre ankachitembenuzira kumanja, ndipo chinkaoneka kuti chaima bwino. Mabwana ndinawaonapo ambiri, a ku Panama, a ku Girisi, ngakhale mmodzi wa ku Korea amene ankalira akaledzera, koma wa nyenyezi ndinali ndisanamuonepo. Mwina anthu oyang'ana kumwamba usana ndi usiku amakhala otero.

Itakwana nthawi ya mwangozi uja, Don Floridor anatulutsa chikwama chake cha m'thumba ngati akufuna kulipira, chithunzi n'kugwera patebulo chokha, pafupi ndi mbale ya mlendo.

"Aa, taonani! Mwana wanga uyu, Yasna. Nayenso ndi wa nyenyezi, mwangozi chabe. Yasna Cortés."

Gringo anaumitsa khosi. "Cortés? Cortés wa mitsinje ya nyenyezi?"

Ine ndinkadziwa kuti kumwamba kuli mitsinje, poti Yasna anandifotokozerapo: timagulu ta nyenyezi timene tinang'ambidwa ndi gulu lalikulu, n'kutsala tikuyenderera mumlengalenga ngati mafuta otayika kumbuyo kwa sitima. Koma sindinkadziwa kuti mbiri yake inafika mpaka ku Poland.

"Ine kuwerenga zonse," anatero mlendo, mawu atatsika. "Wabwino. Wabwino kwambiri. Kwambiri. Iye... mawa?"

"Mawa," anatero Don Floridor, n'kutsinzina diso.

Munthu uja anakankha mbale, n'kuyang'ana kunyanja ngati wamva uthenga wa maliro. Anamasula tayi pang'ono. Anapuma mpweya wautali woti mbalame za padenga zinauluka.

"Wadwala?" ndinafunsa.

"Akuwerengera mtengo. Wogula akaona nsomba yabwino amaipitsa nkhope. Tsopano penyani mmene amagulitsira akatswiri." Anandilozera ndi chibwano tebulo lina pamene amayi ankakankhana kulimbirana nsomba, pafupi ndi lina lopanda munthu. "Nsomba imene palibe akuilimbirana imanunkha, ngakhale itavuulidwa lero."

Anasendera pafupi ndi mlendo, n'kumugwira paphewa.

"Koma dokotala, ndikuuzeni ngati m'bale wanga. Mwanayu a ku Jeremani akumulirira usana ndi usiku. Nyumba amulonjeza, galimoto amulonjeza. Pepala lili kale patebulo, changotsala n'kusaina. Ndiye amene akumufuna achite changu."

Ine nsomba inandilowera kolakwika, mpaka Señora Eduvigis anabwera kudzandimenya kumsana. Pa mawu onsewo gringo anatolapo awiri ake aja.

"Jeremani? Kusaina?"

"Kusaina!" anatero kompadre, akumenya patebulo.

Abale inu, ndinaona dzuwa likutuluka pankhope ya munthu. Anakokera mbale ija kwa iye, n'kudya zonse. Anaitanitsa buledi wachiwiri. Anadya nkhono, anadya nkhanu, anadya ndi zanga zomwe. Kompadre anaitanitsa pisco, kachasu wathu wa mphesa, gringo anamwa ngati wa kwathu konkuno, naimirira, nakumbatira Don Floridor, namutcha Papa Floridor. Kompadre anamutsinzinira diso limodzi, iye n'kubweza ndi onse awiri.

Titamusiya kogona, osamulipiritsa ngakhale peso imodzi, ndinalephera kupirira.

"Kompadre, a ku Jeremani aja anamukana mwanayu."

"Inu munaliko?"

"Chabwino. Koma tandiuzani: munthu akamva kuti nsomba imene amaifuna ikutengedwa ndi wina, amasangalala?"

"Ma gringo amasangalala mozondoka. Kwawo nthawi ino ndi chisanu."

"Bwanji osangomufunsa poyera kuti kodi inu ndinu ndani kwenikweni? Safunsa anadya phula."

"Phula amadya ndi anthu opanda pituto. Munthu wanena yekha kuti wabwera kudzafunsa, inu mukufunanso chiyani, chidindo?"

Zinali zoona. Mawuwo ndinawamva ndi makutu anga omwe.

Lachiwiri kunacha ndi nkhungu. Yasna anapita yekha pa basi, atavala bulauzi imene mayi ake anaisita mpaka kutsala pang'ono kuipsereza, poti bambo ake anati ali ndi kasitomala wofunika. Ife tinakatenga mlendo wathu. Tinamupeza ali pakhomo, nkhope yobiriwira pang'ono chifukwa cha nkhono ndi pisco, tayi atapendekera kumanzere. Don Floridor anamuwongolera tayi ndi manja ake, namumwetsa madzi a papaya, namupukuta fumbi paphewa.

"Lero mukafunse bwino, dokotala."

"Eya. Kufunsa." Anadziloza pachifuwa. "Mantha."

"Mantha inu? Aope ndi iwowo!"

Gringo anamuyang'ana ndi maso a misozi. "Papa Floridor munthu wabwino."

Maofesiwo ali pamtunda, m'kati mwa maluwa. Tinaimika takisi pafupi ndi khonde. Chitseko cha woyendetsa tsiku limenelo chinatseguka chokha popanda kukankha, ndipo kompadre anati chimenecho n'chizindikiro. Anatuluka, nachimenyetsa monyadira, natsamira galimoto atapinda manja ngati mwini malo.

Posakhalitsa chitseko cha ofesi chinatseguka, n'kutuluka Yasna. Ankaseka. Kasekedwe ka mwanayu ndimakadziwa kuyambira ali wopanda mano: kaulemu kamakhala kapakhosi, koma aka kanali kochokera m'mimba. Zinali zitayenda bwino. Kumbuyo kwake kunali amuna awiri ovala majuzi akutha, ndipo pambali pake, dzanja lili paphewa la Yasna, kapu ya khofi kudzanja linalo, panali mayi uja wa kubwalo la ndege. Kabudula yemweuja. Nsapato zomwezija.

"Taonani," anatero kompadre, "agogo aja apeza ganyu yophika tiyi."

"Wophika tiyi amagwira dokotala paphewa?"

"Ma gringo alibe mwambo."

Koma amuna awiri aja ankayenda motsalira pang'ono, ndipo mayiyo akatsegula pakamwa iwo ankatseka pawo. Mawu ake ankatifika bwinobwino.

"Chimene chandikondweretsa n'chakuti mukufuna kukhazikika kuno," ankamuuza Yasna. "Ambiri amatitenga ngati pokwerera basi. Timam'patsa munthu ntchito, chaka chisanathe wathawira kwina, ife n'kuyambiranso. Komiti yatopa nazo zimenezo. Tikufuna munthu amene alibe phazi lina panja."

"Mapazi anga onse ali konkuno," anatero Yasna. Atatero anakweza maso, n'kuona takisi. Kuseka kuja kunazima. "Ababa? Padrino?"

Mayi aja, poti tsopano ndinayamba kuwaona kuti ndi mayi aja osati mayi uja, anayang'ana mlendo wathu.

"Dokotala Zaremba? Mwafika bwino. Ndinu wotsatira. Mukalowa mukhale pampando wapakati, madzi ali patebulo."

"Mwamva?" kompadre anandigunyuza. "Wapampando."

"Kompadre, ine kukhoti ndinapitako. Mpando wapakati ndi wa woweruzidwa."

Gringo anamanga mabatani a jekete, nawerama mpaka tayi kulendewera. Ndipo pofuna kuonetsa Chisipanishi chimene anachivutikira, analankhula mokweza, liwu ndi liwu:

"Zikomo, Profesa. Ine wokonzeka kufunsa."

Mayi aja anaseka. "Kufunsidwa, dokotala. Ofunsa ndife."

"Aa! Kufunsidwa. Kufunsi-dwa. Zikomo."

Kamchira kakang'ono chabe. Ndinamva kompadre akupuma ngati tayala lobooka. Manja ake opinda aja anamasuka okha n'kugwera m'mbali. Ine mumtima ndinati zathera pomwepa, taluza nsomba ndi pisco basi, mwana sanakhudzidwe. Ndinayamba kumukoka malaya kuti tizipita.

Koma gringo anali mwana woleredwa bwino. Atafika pamasitepe anaima, n'kumuzindikira Yasna wa pachithunzi uja. Anamugwira dzanja ndi manja ake onse awiri, nkhope ili ngwee.

"Dokotala Cortés! Ulemu waukulu. Ine kuwerenga zonse. Mafuno abwino, Jeremani! Nyumba, galimoto! Papa Floridor kundiuza." Anatembenuka, n'kumuloza kompadre ndi dzanja lonse kuti pasakhale wokayika. "Kusaina! Ine kusangalala kwambiri."

Dzanja la mayi aja linatsetsereka kuchoka paphewa la Yasna, pang'onopang'ono. Amuna awiri a majuzi anayang'anizana.

"Mwasaina ku Jeremani?" anafunsa mayi aja. "Mkatimu mwatiuza kuti mulibe kwina." Kenako maso awo anatsata kumene gringo ankaloza, n'kuchepa pang'ono. "Aa. Ndinu a takisi yodzaza aja."

Yasna sanakuwe. Bola akanakuwa. Anatsika sitepe imodzi, nafunsa ndi mawu ofatsa amene anatengera kwa mayi ake:

"Ababa. Jeremani wake uti?"

Don Floridor Cortés anabwerera chambuyo mpaka msana kugunda takisi. Anapapasa kumbuyo, napeza chogwirira, nakoka. Anakokanso ndi manja onse awiri. Chitseko chinakana.